Mafizo a munthu wa bize: pangani pulani ya tsiku loipa

Ndiyambe ndi kuulula, ine ndinalembetsapo ku jimu katatu ndipo katatu konseko ndinasiya mwezi usanathe. Koyamba ndinkati vuto ndi mtunda, kachiwiri ndinkati ntchito yachuluka, kachitatu ndinangosiya basi popanda chonamizira, chikwama cha zovala zamasewera chinakhala kuseri kwa chitseko mpaka ndinayamba kusungiramo ma chaja akufa. Nde musaganize kuti akulemba izi ndi aja odzuka 4 koloko mmawa akumwetulira, ayi. Ndine munthu amene amafika pakhomo thupi lili lefu, ana akudikira ndi homuweki, foni ikulirabe za kuntchito, mpando ukundiitana ndi dzina langa lenileni.

Chomwe ndinazindikira mochedwa nchakuti pulani iliyonse yomwe ndinkapanga inali ya tsiku labwino. Tsiku loti ndagona bwino, ndaweruka nthawi yake, mwana sanadwale, abwana sanaitanitse miting ya dzidzidzi. Koma masiku oterowo pa mwezi amakhalapo angati, atatu? anayi? Ena onsewo ndi masiku othamangathamanga, ndipo pulani yofuna ola lathunthu kuphatikiza kusintha zovala, ulendo wopita, wobwera, kusamba, imafa Lachitatu loyambirira lomwe. Nde zonse ndilembe apazi zikuchokera pamenepo anzanga, tipange pulani yoti ipirire tsiku loipa.

Kodi zimafunika zochuluka bwanji kwenikweni

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo ake mu 2020, ndipo kwa munthu wamkulu akuti mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera a mphamvu yapakatikati, kapena mphindi 75 mpaka 150 za masewera amphamvu kwambiri, kuphatikizapo masiku awiri kapena kuposa pa sabata olimbitsa minofu. Amene adutsa zaka 65 amawawonjezera zoyeserera kuima bwino kuti asamagwe chisawawa. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo.

Tiwerengere limodzi. Sabata ili ndi maola 168, ndekuti mphindi 10,080. Mphindi 150 pamenepo sizikwana olo 2 peresenti. Mukazigawa masiku 5 ndi mphindi 30 patsiku, mukazigawa masiku 7 ndi 21 kapena 22. Ndipo mphindi imodzi yamphamvu kwambiri imawerengedwa ngati ziwiri zapakatikati, nde mukathamanga mphindi 10 mwabweza ngongole ya mphindi 20.

Koma chomwe chinandisangalatsa ine kwambiri ndi ichi. Kale malangizowo ankati masewera amawerengedwa pokhapokha ngati mwapanga mphindi 10 mosadukiza. Mu 2020 lamulo limenelo analichotsa. Pano mphindi 3 zokwera masitepe zimawerengedwa, mphindi 6 zoyenda mwachangu kuchoka pomwe mwatsikira kukafika ku ofesi zimawerengedwa, zonse zimalowa mthumba limodzi. Kwa munthu wa bize imeneyi ndi nkhani yaikulu kuposa nsapato yatsopano.

Nanga mudziwa bwanji kuti iyi ndi yapakatikati, iyi ndi yamphamvu? Simufunika wotchi yodula. Yesani kulankhula. Ngati mukutha kuimba nyimbo bwinobwino ndekuti mukungoyenda wamba, onjezani liwiro. Ngati mukutha kucheza koma kuimba kukukanika, mwafika pakatikati paja. Ngati mukungotulutsa mawu awiri atatu kenako wefuwefu, imeneyo ndi yamphamvu.

Ndipo nkhani yoti kuyendayenda kwa pantchito kumateteza mtima si yatsopano. Mu 1953 dokotala wina dzina lake Jeremy Morris anafalitsa kafukufuku wa anthu ogwira ntchito mmabasi osanjikizana aku London. Madalaivala ankakhala pampando pafupifupi tsiku lonse, makondakitala ankakwera ndi kutsika masitepe a basiyo kambirimbiri akutolera ndalama. Basi yomweyo, msewu womwewo, maola omwewo, koma matenda a mtima ankagwira kwambiri madalaivala. Makondakitala aja sankapita ku jimu, analibe ma tights, ankangokwera masitepe.

Choyamba, sakani mipata osati ola

Tengani pepala mulembe tsiku lanu mmene limayendera zoona zake, osati mmene mumafunira liziyendera. Kudzuka nthawi yanji, kunyamuka nthawi yanji, buleki ilipo kapena mumadyera pa kompyuta, kufika pakhomo nthawi yanji. Kenako tsegulani foni pa malo aja imaonetsa maola omwe mwakhala mukuiyang'ana. Ine tsiku lomwe ndinayang'ana ndinatseka msanga ngati ndaona za eni kkkk, munthu woti ndilibe nthawi koma maola angapo patsiku akuthera pa WhatsApp ndi Facebook. Sindikunena kuti musiye foni, inenso sindinasiye, koma mphindi 15 zokha mukhoza kuibera osazindikira nkomwe.

Mipata yake imakhala yotere: nthawi yodikira madzi atenthe, nthawi yomwe mwana akusamba inu mukungomulondera, mphindi 10 zotsala pa buleki, foni yomwe mungaiyankhe mukuyenda mmalo mokhala, nthawi yodikira munthu amene wanena kuti ndafika kale pomwe sanavale nkomwe. Sankhani iwiri yokha. Osati yonse, iwiri.

Kenako mumangirire mafizowo ku chinthu chomwe mumachita kale tsiku lililonse mosaphonya. Apa ndi pomwe pali matsenga ake. Kunena kuti “ndiyamba kupanga mafizo sabata ino” ndi mawu chabe, mphepo imatenga. Koma kunena kuti “ndikangomaliza kutsuka mano mmawa, ndipanga ma squat 10 (kutsika ngati ukukhala pampando nkudzukanso) pambali pa bedi” ndi pulani, chifukwa yatchula nthawi, malo ndi chochita. Katswiri wa za maganizo Peter Gollwitzer analemba za njira imeneyi mu 1999, kuti munthu akaneneratu kuti zikachitika zakuti ndidzachita zakuti, mwayi woti achitadi umakwera. Chifukwa chake nchosavuta, nthawi ija ikafika simukhalanso pa khoti ndi mutu wanu kukambirana ngati mupange kapena ayi, mlandu unagamulidwa kale. Ndipo mutu wa munthu wotopa ndi loya woopsa, ukangoupatsa mpata wolankhula wawina.

Mmawa kapena madzulo? Anthu amakangana nazo ngati mpira. Yankho langa, nthawi yomwe anthu ena sangakulandeni. Kwa ambiri ndi mmawa chifukwa mavuto a tsikulo amakhala asanadzuke, koma ngati mumagwira ya usiku kapena mmawa ndi chipwirikiti cha ana, musadzikakamize. Chinthu chimodzi chokha, ngati ndi mmawa yalani zovala ndi nsapato usiku, pamalo poti mupunthwe nazo podzuka.

Kuyenda, koma kuyenda kwenikweni

Kuyenda anthu amakupeputsa chifukwa sikuoneka ngati masewera, palibe chojambula choika pa status. Koma kwa munthu woyamba kumene, kapena wonenepa, kapena wa mawondo ovuta, palibe poyambira pabwino kuposa apa. Chinsinsi ndi liwiro. Muziyenda ngati mwachedwa ndipo wokudikiraniyo ndi wosachedwa kupsa mtima, mikono ikugwedezeka, mpweya ukumveka. Kuyenda kokhwekhwereza mapazi maso ali pa foni kuli bwino kuposa kukhala, koma sikufika pa mphindi 150 zija.

Zomwe anthu amanena zoti muziyenda masitepe 10,000 patsiku (kuponda kwa phazi poyenda, osati okwera aja) musadwale nazo mutu. Nambala imeneyo sinachokere kwa madokotala, inachokera pa malonda. Mu 1965 kampani ya ku Japan yotchedwa Yamasa inatulutsa kachipangizo kowerenga masitepe ndipo anakatcha manpo-kei, kutanthauza kowerenga masitepe 10,000, nambala yokoma kuitchula ndi kuikumbukira, basi inafalikira dziko lonse. Mu 2019 gulu la I-Min Lee wa ku Harvard linafalitsa kafukufuku wa amayi achikulire oposa 16,000, ndipo linapeza kuti oyenda masitepe pafupifupi 4,400 patsiku imfa zinali zochepa poyerekeza ndi oyenda 2,700, ndipo phindulo linkakwerabe mpaka cha mma 7,500 kenako nkukhazikika. Anali amayi achikulire, nde kwa achinyamata nambala ikhoza kukwererapo, koma mfundo ndi yomweyo, phindu lalikulu lili pochoka pa zochepa kupita pa zochulukirapo. Onani foni yanu kuti pano mumayenda angati, muwonjezerepo 1,000 kapena 1,500, zomwe ndi mphindi 10 mpaka 15 zokha, mukhale pamenepo masabata awiri, kenako muwonjezerenso.

Mozipezera: tsikani siteji imodzi musanafike, imikani galimoto kutali ndi khomo, chikepe muchisiyire onyamula katundu ngati mukungokwera nsanjika ziwiri zitatu, uthenga wa mnzanu wa ofesi yoyandikana mukamuuze ndi pakamwa. Mukamaliza kudya yendani mphindi 10 mmalo mogona pa sofa, minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga mmagazi nde zimathandiza kuti asakwere kwambiri mukadya. Ndipo ngati ntchito yanu ndi yokhala pansi, ikani alamu, pakatha mphindi 30 kapena ola imirirani olo mphindi ziwiri. Anzanu akuyang'anani modabwa sabata yoyamba, yachiwiri azolowera, yachitatu wina ayamba kukutsanzirani mwakabisira.

Amene mukufuna kuthamanga, musayambe ndi kuthamanga. Pali pulogalamu yotchuka ya Couch to 5K, yophunzitsa woyamba kumene mpaka azithamanga makilomita 5, ya masabata 9, katatu pa sabata, ndipo sabata yoyamba umathamanga masekondi 60 nkuyenda masekondi 90, kubwerezabwereza. Zimaoneka zachibwana koma mtima ndi mapapo zimazolowera msanga kuposa mawondo ndi misempha, nde amene amayamba ndi makilomita 5 tsiku loyamba sabata yachitatu amakhala akutsimphina.

Masiku awiri a minofu, apa ndikhalitsapo

Ili ndi gawo lomwe ambiri timalidumpha, makamaka amayi amene amaopa kuti aoneka ngati abambo (sizichitika mwangozi zimenezo, onyamula zitsulo aja amavutikira zaka). Koma munthu akadutsa zaka 30 minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono ngati sakuigwiritsa ntchito, cha mma 3 mpaka 8 peresenti pa zaka 10 zilizonse, ndipo akadutsa 60 zimathamanga. Agogo amene amavutika kudzuka pampando sizinayambe chaka chatha. Kuyenda kokha sikukwanira kuteteza zimenezi, minofu imafuna chinthu choilemera.

Simufunika jimu. Mufunika mpando wolimba wosagubuduka, khoma, pansi, ndi chikwama. Zochita zake ndi zisanu, mphindi 15 mpaka 20 mwamaliza. Yambani ndi mphindi 3 zotenthetsa thupi, kuguba pamalo amodzi, kuzunguza mapewa ndi chiuno, basi.

Woyamba ndi squat, kapena tingoti kukhala nkudzuka. Imani kutsogolo kwa mpando, mapazi atalikirane ngati mapewa, zala zamapazi ziloze kunja pang'ono. Kankhirani matako mmbuyo ngati mukufuna kukhala, tsikani mpaka mungokhudza mpandowo, osadzigwetsera, kenako dzukani mukukankha pansi ndi phazi lonse. Zidendene zisanyamuke, mawondo asagwere mkati ngati akufuna kupatsana moni, azitsata komwe zala zamapazi zaloza. Zikaphweka chotsani mpando, zikaphwekanso kumbatirani chikwama pachifuwa.

Wachiwiri ma push-up. Apa ndi pomwe anthu amadzinyazitsa okha, amagwa pansi tsiku loyamba, amapanga awiri okhotakhota nkunena kuti ine si zanga. Yambani pa khoma. Manja pakhoma, mapazi mmbuyo, thupi lowongoka ngati thabwa kuyambira mutu mpaka chidendene, bweretsani chifuwa kukhoma nkukankha. Mukafika 15 mosavuta pitani pa tebulo lolimba, kenako pa mpando wotsamira khoma, kenako pansi. Mmene manja akutsikira pansi ndi mmenenso zikulemera. Zigongono zisatambasuke mmbali ngati mapiko a nkhuku, zibwere chakumbuyo pang'ono, ndipo chiuno chisalendewere. Push-up wabwino mmodzi pa tebulo amaposa khumi apansi ogwedeza mutu okha.

Wachitatu ndi kukoka, umenewu ndi wa msana ndipo anthu okhalira kompyuta ndi foni timaufuna kwambiri chifukwa tsiku lonse timakhala chowerama. Dzazani chikwama ndi mabuku kapena mabotolo a madzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi, nde botolo la malita 5 ndi makilo 5, mukudziwiratu chomwe mwanyamula. Tsamirani dzanja limodzi pampando, msana wowongoka, dzanja linalo likoke chikwamacho kubwera cha mchiuno ngati mukuliza jenereta mwaulemu, tsitsani pang'onopang'ono. Kenako sinthani dzanja.

Wachinayi, gonani chagada, pindani mawondo, mapazi pansi, nyamulani chiuno mpaka thupi liwongoke kuyambira mapewa kufika mmawondo, finyani matako masekondi awiri, tsikani. Ngati mukumva kwambiri kumunsi kwa msana ndekuti mwakweza mopitirira, tsitsani pang'ono. Wachisanu ndi plank, chafufumimba mutatsamira zigongono ndi zala zamapazi, kapena mawondo ngati mukuyamba kumene, mimba yolimba ngati wina akufuna kukumenyani chibakera, masekondi 15 mpaka 30. Muzipuma! Anthu ambiri amabanika dala nkhope mpaka kufiira, kugwira mpweya chonchi kumakweza BP panthawiyo, nde a BP samalani kwambiri apa, ndipo pa zonsezi tulutsani mpweya pomwe mukukankha kapena kukoka.

Kangati? Chilichonse ka 8 mpaka 12, kupatula plank yomwe ndi ya masekondi. Mukamaliza zisanuzo pumani mphindi imodzi muyambirenso, maraundi awiri, mukazolowera atatu. Muzisiya pomwe mukuona kuti mukanatha kuwonjezera kawiri kapena katatu kokha. Ngati mukanatha kuwonjezera 15 ndekuti zapepuka mukungotaya nthawi, ngati mukugwa ndi kunjenjemera ndekuti mwapyola. Pakati pa masiku awiriwo pakhale tsiku limodzi kapena awiri, monga Lolemba ndi Lachinayi, chifukwa minofu imakula popuma osati pogwira.

Ndipo thupi limazolowera, zomwe zinkakutulutsani thukuta mwezi woyamba mwezi wachitatu zidzakhala zoseweretsa. Pamenepo musawonjezere nthawi, mulibe nthawiyo, onjezerani kulimba. Tsikani mukuwerenga mpaka 3, ikani botolo lina mchikwama, pangani ndi mwendo umodzi. Lembani penapake zomwe mwapanga, olo mu foni momwemo, “Lolemba squat 10, push-up pa tebulo 8”. Pakatha milungu 6 mukabwerera kukawerenga mudzaseka nokha, ndipo palibe chokoma ngati umboni woti zikuyenda pomwe galasi likukana kuvomereza.

Pulani ya tsiku loipa ija

Tsopano tafika pa mtima pa nkhani. Muzikhala ndi mapulani atatu. Ya tsiku labwino, mphindi 30 kapena kuposa. Ya tsiku wamba, mphindi 10 mpaka 15. Ndi ya tsiku loti zonse zasokonekera, mphindi 2. Yanga ndi ma squat 10 ndi ma push-up 5, ndi zovala zomwe ndavalazo, opanda nsapato, opanda nyimbo, nthawi zina magetsi a kuchipinda nditazimitsa kale.

Mudzafunsa kuti mphindi 2 zingapange chani mthupi. Zoona, zochepa. Koma ntchito yake si ya thupi, ndi yosunga chizolowezi chisazime, ngati kusiya khala limodzi mphulusa kuti mawa usakapemphe moto. Munthu amene wapanga mphindi 2 mawa amadzuka akadali munthu wopanga mafizo. Amene wanena kuti lero zakanika ndiyambiranso Lolemba, Lolembalo limasanduka mwezi wamawa, mwezi wamawa umasanduka Januwale. Ndimadziwa njira imeneyo ngati kwathu. Komanso nthawi zambiri ukangoyamba ziwirizo umapezeka wapanga 10, chovuta chimakhala kudzuka pampando paja.

Ndimatsatanso kalamulo kamodzi, kuphonya kamodzi palibe mlandu koma kawiri motsatizana ayi. Ndipo za masiku 21 zoti chizolowezi chimakhazikika zija musazikhulupirire. Phillippa Lally ndi anzake ku University College London anatsatira anthu 96 omwe ankayesa kuyamba chizolowezi chatsopano, zotsatira zinatuluka mu 2009, ndipo pakatikati pake panali masiku 66, ena masiku 18 okha, ena mpaka 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunawononge kanthu kwenikweni. Nde ngati mwatha mwezi koma mukudzikokabe, simunalephere, simunafike chabe.

Kwa amene nthawi ndi yothina zedi

Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi tizidutswa tamphamvu. Mu 2022 Emmanuel Stamatakis wa ku University of Sydney ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa anthu pafupifupi 25,000 aku UK omwe sankapanga masewera aliwonse koma anavala tizipangizo pamkono toyeza mayendedwe. Omwe ankapezeka ndi tizidutswa titatu patsiku ta mphindi imodzi kapena ziwiri ta wefuwefu, monga kukwera masitepe mothamanga, kuthamangira basi, kukwera chitunda ndi katundu, chiopsezo cha imfa mzaka zotsatira chinali chotsika ndi pafupifupi 40 peresenti poyerekeza ndi omwe analibe nkomwe. Kafukufuku wa mtundu uwu amangoonetsa kuti zinthu ziwirizo zimayendera limodzi, koma kwa ine zinakwanira kuti masitepe ndiziwakwera ngati ndaiwala chitofu choyaka.

Mudzamvanso za Tabata, mphindi 4 zokha, masekondi 20 amphamvu, 10 opuma, ka 8. Inachokera pa kafukufuku wa Izumi Tabata ku Japan mu 1996, koma anthu ake anali achinyamata olimba kale opalasa njinga za mu labu ndi mphamvu yoti ambirife tikhoza kuona nyenyezi masana. Zomwe zili mmavidiyo ambiri ndi dzina chabe. Sizoipa, koma musayambire pamenepo, yendani kaye mwezi umodzi kapena iwiri.

Njira yachiwiri ndi kuunjika zonse Loweruka ndi Lamlungu. Kale ndinkaona ngati ndi kuba mayeso, koma kafukufuku wamkulu wa mu 2017 wa anthu aku England ndi Scotland anaonetsa kuti okwanitsa mphindi zawo pa tsiku limodzi kapena awiri amapindulabe kwambiri kuposa osachita kalikonse. Ngozi yake ndi kuvulala, thupi lakhala pampando masiku 5 kenako mwadzidzidzi mpira wa mphindi 90 ngati uli ndi zaka 19. Tenthetsani thupi mokwanira, ndipo mkati mwa sabata muziponyamo timphindi tiwiri tija.

Ululu wabwino ndi ululu woipa

Mukayamba, tsiku lotsatira kapena lachiwiri lake ntchafu zidzawawa mpaka kukhala pa chimbudzi kudzafuna pemphero. Nzachibadwa, zimafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72 kenako zimatha, ndipo ulendo wachiwiri sizibwera ndi ukali womwewo. Kuyenda pang'ono kumathandiza kuposa kugona. Koma ululu wobaya mu bondo, mphewa kapena mmsana panthawi yomwe mukupanga, kapena malo otupa, imeneyo si mphamvu ikulowa, siyani musinthe kachitidwe, zikapitirira mukaonetse kuchipatala.

Izi zokha ndiye musachite nazo nthabwala: kupweteka kapena kuthina pachifuwa, ululu wotsikira ku mkono kapena kukwera ku nsagwada, chizungulire, kukomoka, kubanika kosagwirizana ndi zomwe mukupanga, mtima kugunda mosokonekera. Imani pompo mupite kuchipatala. Ndipo ngati muli ndi vuto la mtima, BP yosatsika, shuga makamaka ngati mumabaya insulin, ndinu oyembekezera kapena mwangochira kumene, kambiranani kaye ndi adokotala za poyambira. Nthawi zambiri sakuletsani, amangokuuzani mlingo.

Za sikelo ndingonena mwachidule chifukwa zimakhumudwitsa ambiri. Mafizo okha satsitsa thupi msanga, mbali yaikulu ya kuonda ili pa zomwe timadya ndi kumwa, ndipo ma sit-up olo 200 sasungunula mafuta a pamimba pokha, thupi limachotsa mafuta komwe lafuna lokha. Zomwe zimayamba kusintha ndi zina, tulo timabwera bwino, masitepe aja simufikanso pamwamba mukuyerekeza kuyang'ana foni kuti mupume, mutu umapepuka, BP ndi shuga zimayamba kumvera. Komanso musabe nthawi ya mafizo ku tulo. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposa, nde ngati mwagona 1 koloko usiku, alamu ya 5 koloko ija izimitseni, tsiku limenelo ndi la pulani ya mphindi 2.

Mnzanu wopanga naye amathandiza, makamaka amene mumamuopa pang'ono kumukhumudwitsa, koma pulani isadalire iye chifukwa tsiku lomwe iye wagona nanunso mugona. Ana nawo musawaone ngati chotchinga, wamng'ono ndi chitsulo chabwino cha squat ndipo amaseka ulere, wamkulu mpatseni ntchito yowerenga, ngakhale amaba dala kuti muvutike.

Mukadzasiya, chifukwa mudzasiya ndithu, kaya ndi matenda, maliro, ulendo, mayeso, ntchito ya kutha kwa chaka, pobwerera musayambire pomwe munasiyira. Ngati papita masabata awiri kapena atatu dulani pakati, munkapanga maraundi atatu pangani limodzi kapena awiri, munkayenda mphindi 30 yendani 15, push-up bwererani pa tebulo. Ngati munadwala ndi kutentha thupi dikirani kutenthako kuthe kaye ndipo masiku oyamba muzingoyenda. Mphamvu zimabwerera msanga kuposa mmene zinabwerera poyamba paja, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mudzapezeka mwafikanso pa manambala anu akale. Ine pano ndikubwerera kachisanu chaka chino, dzulo ndinapanga raundi imodzi yokha ndi botolo la malita 5, ndipo Lachinayi ndiyesa awiri.